Lipoti la ntchito: kuika switchi ya series pa gitala ya woyimba wa ku Chawama

Ndimakonza magitala ndi ma-ampu m'kachipinda kanga ku Kabwata, mu Lusaka. Chiyambireni anyamata kuonera okonza magitala pa YouTube, funso la series, kutanthauza kulumikiza motsatizana mapikapu (tizida ta maginito ndi koyilo ya waya timene timamva nsambo za gitala), lakhala likundipeza pafupifupi mwezi uliwonse. Ambiri ndimangowayankha pakamwa n'kumapita. Ntchito iyi yokha ndinaitsatira miyezi itatu, kuchokera pa tebulo langa mpaka kutchalitchi ndi kuukwati, n'chifukwa chake ndaganiza zoilemba yonse, kuti anzanga a ntchitoyi ndiponso eni magitala adziwe chimene akugula asanatulutse ndalama.

Mwini gitala ndi dandaulo lake

Ndi mnyamata wa kwathu ku Katete amene amakhala ku Chawama. Lamlungu amaliza gitala ya lidi kutchalitchi, Loweruka amayenda ndi kagulu ka anthu asanu m'maukwati. Gitala yake ndi yotengera Telecaster, yopangidwa ku China, ndipo anaigula kwa munthu. Ili ndi mapikapu awiri a koyilo imodziimodzi, ina kukhosi ina kumunsi pa bridge, ndi switchi ya malo atatu. Ampu yake ndi yaing'ono ya transistor. Pedulo ali nayo imodzi, ya delay, yobwereza mawu.

Anafika mu Seputembala 2024, nthawi ija madzi atatsika ku Kariba, magetsi akumabwera pakati pa usiku n'kuzimanso kusanache. Anaika gitala pa tebulo n'kunena kuti, "Amdala, gitala yangayi ikumira. Kiyibodi ikangolowa ine sindimvekanso. Mundiikire zija za series."

Ndinamufunsa kuti imamira pa nyimbo ziti, chifukwa mawu oti "kumira" aliyense amatanthauza zake. Anati pa sebene, chigawo chachangu chovinira cha rumba, palibe vuto, gitala imalasa bwino. Vuto lili pa nyimbo zodekha zopembedza, pamene iye akuliza nsambo imodziimodzi, wa kiyibodi atadzaza nyumba yonse ndi mawu ake okoka aja, amayi atatu akuvomera kumbuyo. Akakweza voliyumu pa ampu, ndiye kuti pa nyimbo yotsatira akuboola anthu m'makutu. Anawonjezanso kuti gitala imang'ung'uza, makamaka akayatsa jenereta.

Zimene ndinayeza

Pikapu ya kumunsi inawerenga 7.1 kilo-ohm, ya kukhosi 5.9. Inductance, muyeso wa mmene koyilo imakanira kusinthasintha kwa magetsi, inali pafupifupi 3 henry kumunsi ndi 2 henry kukhosi. Mapoti onse awiri, tizida topotokola tija ta voliyumu ndi toni, ndi a 250k, monga zimakhalira pa magitala a mtundu uwu. Nditayandikiza kampasi pamwamba pa mapikapu, onse awiri anakoka mbali imodzimodzi ya singano. Izi zinandiuza kale kuti akagwira ntchito limodzi sangathetse kung'ung'uza. Chingwe chake chopita ku ampu ndinachiyeza ndi tepi: mamita 9. Anati amafuna chachitali kuti aziyenda kutsogolo kwa guwa.

Chaka chimenecho anthu ambiri mu Lusaka anali ataphunzira za mabatire a inveta, ndiye kufotokoza sikunavute. Mabatire awiri a 12 volt mukawalumikiza mutu ndi mchira mumapeza 24 volt. Imeneyo ndiyo series. Mukalumikiza mitu yokhayokha ndi michira yokhayokha, mumakhalabe pa 12. Imeneyo ndiyo parallel, ndipo ndi mmene pafupifupi gitala iliyonse ya mapikapu awiri imalumikizidwira switchi ikakhala pakati. Pa parallel pikapu iliyonse imalemetsa inzake, choncho awiriwo pamodzi satulutsa mphamvu yoposa imodzi yokha, nthawi zina amachepako. Pa series mphamvu zawo zimaphatikizana, ndipo kusiyana ndi parallel kumatha kufika pafupi ndi 6 dB. Khutu limamva msanga kusiyana kotero.

Chimene mavidiyo ambiri amangochidutsa n'chakuti inductance nayo imaphatikizana. Koyilo ya pikapu pamodzi ndi capacitance ya chingwe (mmene chingwe chimasungira magetsi pang'ono, timaiyeza mu pF) zimapanga kaphiri pa mawu, malo amodzi pamene gitala imamveka kwambiri, ndipo kuseri kwa kaphiriko mawu akuthwa amatsika msanga. Pa gitala iyi parallel imapereka 1.2 henry, series 5 henry. Chingwe wamba chimakhala ndi pafupifupi 100 pF pa mita iliyonse, ndiye cha mamita 9 pamodzi ndi makoyilo tinene kuti 1,000 pF. Mukawerengera, kaphiri ka parallel kali cha pa 4,600 Hz, ka series cha pa 2,250 Hz. Katsika ndi octave yathunthu. Kuwala kuja kwa Telecaster, kumene kumachititsa kuti sebene izilasa, kumakhala kumtunda kumene series imadulako.

Ndinamuuza zimenezi mosabisa: mphwanga, upeza mphamvu ndi kunenepa kwa mawu, koma utaya kuthwa. Sungapeze zonse pa malo amodzi a switchi.

Iye anati anamva kuti gitala idzalira ngati Les Paul. Pamenepa pali choonadi pang'ono. Humbucker, pikapu imene Seth Lover anapangira kampani ya Gibson n'kuyamba kuikidwa pa Les Paul mu 1957, ndi makoyilo awiri olumikizidwa mu series. Koma makoyilo amenewo ndi ogundana, amamva nsambo pamalo pafupifupi amodzi. Pa Telecaster mapikapu atalikirana kuposa chikhatho cha munthu. Nsambo ikamanjenjemera, zigawo zina za mawu zimapita m'mwamba pa pikapu iyi pamene zikupita pansi pa inayo, ndiye zimafafanizana. Kamphako kaja kamene mumamva switchi ili pakati kamatsalabe ngakhale mu series, kungoti kamanenepa. Amene akufuna kumva kulira kwa makoyilo otalikirana ali mu series amvetsere gitala ya Brian May wa gulu la Queen, imene anapanga ndi bambo ake kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960. Mapikapu ake atatu a Burns Tri-Sonic ndi olumikizidwa motero. Magitala a Danelectro nawonso akhala choncho kuyambira kale.

Kuyesa tisanagule kanthu

Switchi ya malo anayi, imene imawonjezera malo a series, sipezeka wamba m'masitolo a zamagetsi m'tauni muno, ndiye sindilola munthu kuitanitsa asanamve ndi makutu ake. Ndinatsegula mbale ya switchi, n'kulumikiza mapikapu mu series ndi timawaya ta timano tija toluma, n'kumupatsa gitala mbale ikulendewera.

Kuti zitheke pali ntchito imodzi yosathawika, ndipo ndi pamene ambiri amaonongera pikapu. Pa Telecaster pikapu ya kumunsi imakhalabe pa earth, chifukwa chitsulo cha bridge ndi nsambo zimadalira pamenepo. Waya wake wotuluka amakalowa kumchira kwa pikapu ya kukhosi, ndipo mutu wa ya kukhosi ndiwo umapita ku voliyumu. Tsono mchira wa pikapu ya kukhosi umabwera utawotchereredwa ku chivundikiro chake chachitsulo ndi kawaya kakafupi pansi pake. Mukausiya mchirawo pa earth, mwaipha pikapu ya kumunsi, sipadzamveka series iliyonse. Mukauchotsa pa earth koma osaulekanitsa ndi chivundikiro, chivundikirocho chimasanduka eriyo, chala chikangochikhudza ampu imabangula. Choyenera ndi kudula kawayako n'kupatsa chivundikiro waya wakewake wachitatu wopita ku earth. Ndimadula ndi kampeni, sindiyandikiza moto pa timabowo pamene pamathera koyilo. Waya wa koyilo ndi wopyapyala ngati tsitsi, pafupifupi 0.06 mm, ndipo akaduka mkati ndiye kuti pikapu yapita.

Analiza kanyimbo kodekha kaja pa nsambo yachiwiri ndi yachitatu, n'kuima, n'kulizanso. Anati, "Amdala, ndi zomwezi." Ndinamuuza kuti alizenso sebene. Analiza pang'ono n'kukwinya nkhope. Ndinakondwa kuti wamva yekha mbali zonse ziwiri, ndipo anasankhabe kuti tipitirize.

Koma kung'ung'uza kunakula, monga kampasi inanenera. Magetsi athu ndi a 50 Hz, ndipo koyilo iliyonse imatola phokoso lawo mumpweya. Makoyilo awiri ozungulira mbali imodzi akakhala mu series, phokoso nalo limaphatikizana. Apa kutchipa kwa gitala kunatithandiza. Mapikapu a Fender enieni ali ndi timaginito ta alnico tisanu ndi kamodzi tolowa m'kati mwa koyilo, ndipo kutikankha kuti mutitembenuze kumadula waya. Otchipawa ali ndi tizitsulo wamba, maginito ndi kachidutswa kamodzi ka ceramic komatidwa ndi guluu pansi. Ndinakamatula ka pikapu ya kukhosi, n'kukatembenuza, n'kukamatanso, kenako ndinasinthanitsa mawaya awiri a koyilo. Kutembenuza maginito kumatembenuza mawu a nsambo, kusinthanitsa mawaya kumawabweza mmene analili. Phokoso la magetsi silidalira maginito, ndiye ilo limatembenuka kamodzi kokha n'kufafanizana ndi la pikapu inayo. Silinatheretu, popeza makoyilowa si ofanana kukula, koma linatsika mpaka kumamveka pokhapokha mutayandikiza khutu pa sipika. Phindu limeneli linagweranso malo a parallel, amene iye amagwiritsa ntchito kwambiri. Ndikhulupirira kuti kwa munthu woyimba pa jenereta, kantchito kakang'ono aka kakanakhala koyenera ngakhale popanda switchi yatsopano.

Kuika switchi

Tinaitanitsa switchi ya Oak Grigsby ya malo anayi kudzera mwa munthu wochokera ku Johannesburg, ndipo inatenga milungu itatu. Mabowo a masikuluwu anagwirizana, koma kamtengo ka switchi kankagunda kumapeto kwa mng'alu wa mbale kasanafike pa malo achinayi, choncho ndinatalikitsa mng'aluwo pang'ono ndi tupa. Dzenje la m'thupi la gitala linali losaya, ndinasemako pansi kuti timiyendo ta switchi tisakhudze mtengo. Ndinatsata ndondomeko imene Fender anaika pa Baja Telecaster: malo oyamba pikapu ya kumunsi, achiwiri onse awiri mu parallel, achitatu ya kukhosi, achinayi onse awiri mu series. Ndikanatha kugwiritsa ntchito poti yokoka ija ya push-pull, imene imachita zomwezo osasintha switchi, koma iye amaliza ndi pikita ndipo safuna kumatsina kabatani ndi zala ziwiri pakati pa nyimbo.

Nditatseka, ndinayeza pa jeki voliyumu ili yonse. Malo achiwiri anawerenga pafupifupi 3.2 kilo-ohm, achinayi 12.4. Wina angadabwe kuti bwanji si 13.0, poti 7.1 ndi 5.9 zimakwana 13. Chifukwa chake ndi poti ya 250k imene ili m'njiramo, ndipo 12.4 ndi chizindikiro chakuti zonse zalumikizidwa bwino. Kenako ndinagogoda tizitsulo ta pikapu iliyonse ndi sikuludiraiva pa malo onse anayi kuti nditsimikize kuti ikulira ndi iti.

Mapoti ndinawasiya a 250k. Ena amati muike a 500k kuti series iwale. Imawaladi pang'ono, koma pikapu ya kumunsi ikatsala yokha imakhala yobaya kwambiri, ndipo sindingaononge malo atatu amene munthu amadyerapo pofuna kukometsa amodzi.

Lamlungu loyamba

Ndinapita ndekha ku Chawama kukamvetsera. Nyumba ndi ya malata, yopanda siling'i, jenereta ili kuseri kwa khoma. Pa nyimbo yodekha anakankha switchi mpaka kumapeto, ndipo gitala inatuluka pamwamba pa kiyibodi yonenepa bwino, yosabaya. Ndinali kumbuyo kwenikweni ndipo ndinamva nsambo iliyonse. Dandaulo limene anabwera nalo linathera pamenepo.

Vuto latsopano linabuka pa mikisa. Mnyamata woyang'anira mikisa ataona gitala yakwera mwadzidzidzi, anachita zimene anaphunzitsidwa, anaitsitsa. Nyimbo yotsatira mwini gitala anabwerera pa malo achiwiri, ndipo sanamvekenso n'komwe, kuposa kale. Titaweruka tinakhala pansi atatu. Ndinapempha kuti poyesa zida aziyamba ndi malo achinayi, aone kuti nyali yofiira siikuyaka, kenako apime kukwera kwa gitala ali pa malo achiwiri, ndipo asakhudzenso. Kukwera kuja kuchokera pawiri kupita panayi ndiko tinagula, si cholakwika choti azikonza. Mnyamatayo anamvetsa msanga ndipo anamata kapepala pa mikisa.

Chachiwiri chinali ampu. Akaliza nsambo zonse zisanu ndi imodzi mwamphamvu ali pa series, khomo la ampu linkadzaza n'kutulutsa mawu othetheka osakoma. Ampu ya mavavu ikadzazidwa chonchi imasweka mofewa, ndipo ambiri amene amatamanda series pa intaneti amayesera pa ampu zotero. Ya transistor yotchipa ilibe ulemu umenewo. Tinatsitsa gain, imene imapima mphamvu pakhomo la ampu, n'kukweza master, voliyumu yotulukira, ndipo ndinamulangiza kuti pa malo achinayi aziliza nsambo imodzi kapena ziwiri, makodi athunthu azisiyira malo achiwiri.

Kuukwati

Patapita milungu iwiri ndinawatsatira ku ukwati wina ku Matero. Kumeneko ndi kumene malire a series anaonekera poyera. Pa sebene anayesa malo achinayi, mwina pofuna kundisangalatsa. Gitala ya sebene imaliza timawu tachangu kumunsi kwa khosi, delay ikubwereza kamodzi kapena kawiri, ndipo kukoma kwake kuli pa kamutu kakuthwa ka liwu lililonse. Series inadya timitu timeneto. Mawu ndi kubwereza kwake zinasakanikirana ngati phala, n'kukalowanso m'dera la gitala ya ridimu ndi kiyibodi. Asanamalize chigawo chimenecho anabwerera pa pikapu ya kumunsi, ndipo ovina anadzuka. Pa kalindula zinali chimodzimodzi: besi ndiyo mwini bwalo, gitala ikanenepa imangopondana nayo.

Usiku womwewo mkulu wina wa imvi anapempha nyimbo za nthawi ya Zamrock, rock ya ku Zambia ya m'ma 1970. Mnyamatayo anakankha malo achinayi, n'kukweza gain dala, ndipo ampu yaing'ono ija inatulutsa mkokomo wokandapala umene unandikumbutsa masiku a Paul Ngozi, amene msewu wa dzina lake uli kuno ku Kabwata. Sindikunena kuti oyimba a m'ma 1970 ankalumikiza mapikapu motere, mawu awo ankachokera kwambiri ku fuzz. Koma kwa munthu wopanda fuzz, kuthetheka kumene kunali kolakwika m'tchalitchi kunagwira ntchito pa bwalo lija.

Nditabwerako ndinamukakamiza za chingwe. Tinaika ampu pafupi ndi pamene amaima, n'kumupatsa chingwe cha mamita 3, mtunda wotsalawo n'kuyenda ndi waya wa maikolofoni kuchokera pa sipika kupita ku mikisa. Capacitance itatsika chonchi, kaphiri ka series kanakwera kufika cha pa 3,500 Hz, ndipo malo achinayi anayera moti akatsitsa voliyumu pa gitala sankachitanso mdima ngati poyamba. Ndikanayamba ndi chingwechi tsiku loyamba lija, chifukwa chinakometsa malo onse anayi pa mtengo wochepa, ndipo tsopano ndimayamba nacho kwa aliyense wobwera ndi dandaulo lofanana.

Mmene ndikuonera

Pa gitala ya mtundu wa Telecaster ndikuti series ndi yoyenera, malinga mwini wake ali ndi nyimbo zimene akufuna liwu limodzi lonenepa lituluke pamwamba pa gulu. Simutaya malo alionse akale, simuboola dzenje latsopano m'thupi la gitala, ndipo sipafunika batire kapena adaputa. Mfundo yomalizayi ndi yaikulu kwa ife: pedulo yokweza mawu imachita ntchito yomweyo osadula kuthwa, ndipo amene ali ndi ndalama ndi magetsi odalirika angasankhe imeneyo, koma adaputa yotchipa pa jenereta imabweretsa phokoso lake, ndipo batire ya 9 volt imatha Loweruka usiku masitolo atatseka. Amene ntchito yake ndi rumba, sebene ndi kalindula kuyambira koyamba mpaka kotsiriza, ndalama imeneyo agulire nsambo zatsopano ndi chingwe chachifupi chabwino.

Pa Stratocaster ndimakayika. Pikapu ya kukhosi ndi yapakati zikakhala mu series mabesi amachuluka n'kuphimba zonse. Ya kumunsi ndi yapakati ndiko kumamveka bwinoko, koma mawaya amachuluka pansi pa mbale ndipo switchi ya malo asanu yokha sikwanira. Pa Jazz Bass ndaikapo kangapo ndipo eni ake onse anakondwa, chifukwa besi sitaya zambiri kumtunda. Ma-humbucker awiri kuwalumikizanso mu series ndimakana: amenewo ndi makoyilo anayi otsatizana, ndipo chotuluka ndi mdima wokhawokha. Pa magitala otero chothandiza woyimba rumba ndi kubwerera m'mbuyo, kutenga makoyilo awiri a humbucker imodzi n'kuwaika mu parallel. Mawu amayera, kung'ung'uza sikubwerera, kungoti pikapuyo ikhale ya mawaya anayi.

Mu Disembala mnyamata uja anabweranso kudzasintha nsambo maukwati a Khrisimasi asanayambe. Ndinamufunsa kuti malo achinayi amawagwiritsa ntchito kangati. Anawerenga ndi zala: kutchalitchi nyimbo zitatu kapena zinayi Lamlungu lililonse, kuukwati pokhapokha akuluakulu akapempha zakale. Nthawi yotsala yonse amakhala pa malo achiwiri, amene tsopano sang'ung'uza. Anabwera ndi mnzake wa gitala yotengera Les Paul amene ankafuna kuti ndimuchitire zomwezo. Ndinatsegula kumbuyo kwa gitalayo n'kupeza kuti mapikapu ake ndi a mawaya awiri okha, ndiye tinagwirizana kuti Januwale wotsatira ndidzatsegula ya kukhosi, nditulutse mawaya anayi, ndipo adzayambe wamva parallel pa timawaya toluma tisanaitanitse poti yokoka.